Mbiri yakale imakoma ukaiwerenga uli ndi funso

Wowerenga wina wa ku Lilongwe walemba kuti: "Kuyambira ndili kusekondale ndimakonda nkhani za Egypt, Babylon ndi Aroma. Ndinagula buku lalikulu la mbiri yakale ya dziko lonse kwa ogulitsa mabuku akale, koma ndikaliyamba ndimangofika pa mafumu a ku Mesopotamia, tulo n'kundigwira, buku n'kubwerera pashelufu. Anzanga nawo ndikayamba kuwakambira amati, 'Za anthu oti anafa kalekale zikuthandizani chiyani?' Ndingatani kuti chidwi chisamathe, komanso kuti ndipeze wokamba naye?"

Bambo, buku lanulo musalitaye, koma lekani kuliwerenga kuyambira tsamba loyamba. Mabuku a mtundu umenewo amalembedwa kuti munthu azitsegula akafuna kudziwa kuti mfumu yakuti inalamulira liti, kapena mzinda wakuti unali pati. Amapanikiza zaka zoposa 3,000 m'masamba mazana angapo, ndiye chimene chimatsalamo ndi mayina ndi zaka basi. Anthu eniake, mawu awo, njala yawo ndi mikangano yawo zimachotsedwa kuti malo akwane. Ngakhale ife amene mbiri ndi ntchito yathu sitiwerenga choncho. Timawerenga tili ndi funso limene likutisowetsa mtendere, ndipo funsolo ndi limene limatichotsa m'buku lina kutilowetsa m'buku lina. Funso lomwelo ndi limene mudzapatsire anzanu aja.

Tiyeni titenge nkhani imene mwina munaimvapo kutchalitchi. M'chaka cha 701 BC, kutanthauza Khristu asanabadwe, Sennacherib mfumu ya Assyria anabwera ndi asilikali ake kudzalanga Hezekiah mfumu ya Judah chifukwa chomugalukira. Buku la 2 Mafumu, mutu 18 ndi 19, limati adaniwo analanda mizinda yamalinga ya Judah, Hezekiah anapereka matalente 300 a siliva ndi matalente 30 a golide, kenako mngelo anapha asilikali 185,000 usiku umodzi, Sennacherib n'kubwerera kwawo ku Nineveh.

Tsono Sennacherib nayenso analembetsa nkhani yomweyi. Alembi ake anaidinda pa timizati tadongo ta mbali zisanu ndi imodzi, ndipo kamodzi kanapezeka ku Nineveh mu 1830, lero kali ku British Museum mumzinda wa London. Iye akuti analanda mizinda yamalinga 46, anatsekera Hezekiah mu Jerusalem ngati mbalame m'khola, ndipo analandira matalente 30 a golide ndi 800 a siliva. Pa golide zolemba ziwirizi zikugwirizana, pa siliva zikusiyana. Za kufa kwa asilikali ake sakutchula n'komwe, ndipo zimenezo sizodabwitsa, pakuti mafumu a Assyria sankalembetsa zowachititsa manyazi. Chofunika kuchiona ndi chakuti mfumu yodzitama chotere siinena paliponse kuti inalowa mu Jerusalem. Pamakoma a nyumba yake yachifumu inasemetsa zithunzi za kugwa kwa Lachish, mzinda wina wa Judah, pomwe likulu lenilenilo palibe. Patapita zaka zoposa 250, Herodotus, Mgiriki wa ku Halicarnassus, anamva kwa ansembe a ku Egypt kuti asilikali a Sennacherib atamanga misasa pa Pelusium, pakhomo lolowera ku Egypt, mbewa zinabwera usiku n'kudya zingwe za mauta, maphodo ndi zogwirira za zishango, kutacha asilikaliwo n'kuthawa opanda zida.

Pamenepa muli ndi mboni zitatu, iliyonse ndi mbali yake, ndipo funso labadwa lokha: n'chifukwa chiyani Sennacherib anachoka osalanda Jerusalem? Unagwa mliri mumsasa? Chuma chimene analandira chinamukwanira? Kapena anamva za nkhondo ina? Vesi la 2 Mafumu 19:9 limatchula mfumu ya Kush imene inatuluka kudzamenyana naye, yomwe akatswiri amaidziwa ndi dzina lakuti Taharqa. Mukangofunsa kuti Taharqa ameneyu ndani, mwalowa kale m'dziko la Sudan. Mupeza kuti cha m'ma 727 BC mfumu Piye ya ku Napata inatsika ndi mtsinje wa Nile n'kugonjetsa akalonga a ku Egypt, ndipo mafumu a Kush analamulira Egypt kwa zaka makumi angapo. Mupezanso chovuta china: Taharqa anakhala pampando mu 690 BC, ndiye kuti mu 701 anali asanakhale mfumu. Akatswiri ambiri amati anatsogolera nkhondoyo ali kalonga, wolemba n'kumutchula ndi udindo umene anadzaupeza pambuyo pake. Mukaona zoterezi musakhumudwe. Kumasula mfundo ngati imeneyi ndiye kukoma kwake kwa mbiri yakale.

Kuchoka pa Taharqa simungalephere kufika ku Meroe, likulu lina la Kush m'dziko la Sudan, kumene kuli mapiramidi ambirimbiri ang'onoang'ono, moti Sudan ali ndi mapiramidi ochuluka kuposa Egypt. Kumeneko mukumana ndi mfumukazi imene Strabo, wolemba wachigiriki, anati inali ya diso limodzi, yomwe akatswiri ambiri amati ndi Amanirenas. Cha m'ma 25 BC asilikali ake anaukira mzinda wa Aswan kum'mwera kwa Egypt ndi malo ozungulira, n'kugwetsa zifanizo za Augustus mfumu ya Aroma. Aroma anabwezera, koma pamapeto pake anagwirizana zamtendere pa chilumba cha Samos, Augustus n'kuchotsa msonkho umene anafuna kuwaikira. Mu 1910 ofukula zakale, motsogozedwa ndi John Garstang, anapeza mutu wamkuwa wa Augustus utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi ku Meroe, pamalo poti aliyense wolowa aziuponda. Anthu a ku Meroe analemba zawozawo pamiyala, ndipo Francis Llewellyn Griffith anatulukira kamvekedwe ka zilembo zawo cha m'ma 1911, koma chinenerocho mpaka lero sichinamveke chonse. Timatha kutchula mawuwo, tanthauzo la ambiri mwa iwo silinapezeke. N'chifukwa chake nkhondoyi timaimva kwambiri kuchokera kwa mbali ya Aroma. Ndipo dzina laudindo la mafumukazi amenewa, Kandake, ndi lomwe lija lili pa Machitidwe 8:27. Onani mtunda umene mwayenda kuchokera pa vesi limodzi. Buku lanu lalikulu lija tsopano lili ndi ntchito: mukalitsegula pa Assyria, mukudziwa chimene mukufuna.

Pali masiku ena oti mwaweruka mutatopa, mutu sungasenze za mafumu. Masiku oterowo werengani mawu a anthu wamba. Ndi afupiafupi, ndipo ine ndimaona kuti ndi amene amagwira mtima kuposa zonse. Ku Ur, m'dziko la Iraq lero, cha m'ma 1750 BC, munthu wina dzina lake Nanni analembera wamalonda Ea-nasir kalata pa phale ladongo. Akudandaula kuti anatuma mnyamata wake kukatenga mkuwa wabwino monga anapanganira, koma Ea-nasir anamuikira mkuwa woipa n'kumuuza kuti ngati akufuna atenge, ngati sakufuna azipita, ndipo mnyamatayo anabwerera chimanjamanja kudutsa m'dziko la adani. M'nyumba imene munapezeka kalatayi, yomwe akatswiri amati inali ya Ea-nasir mwiniwake, munalinso makalata ena a anthu odandaula za wamalonda yemweyu.

Ku Deir el-Medina, mudzi wa amisiri amene ankasema ndi kukongoletsa manda a mafumu a Egypt, mlembi ankalemba kaundula wa ojomba kuntchito pa chibenthu cha mwala. Kaundula wa m'chaka cha 40 cha ulamuliro wa Ramesses II ali ndi zifukwa zake: uyu akudwala maso, uyu walumidwa ndi chinkhanira, uyu akufulula mowa, uyu akukonza mtembo wa m'bale wake, uyu watumidwa ndi kapitawo. M'mudzi womwewu, m'chaka cha 29 cha Ramesses III, cha m'ma 1150 BC, malipiro a tirigu ndi balere atachedwa, amisiriwo anasiya zida n'kukakhala pansi kuseri kwa kachisi wa Thutmose III, akunena kuti ali ndi njala. Mlembi Amennakht analemba zonsezi pa gumbwa amene lero ali ku Turin m'dziko la Italy, ndipo imeneyi ndi sitiraka yakale kwambiri imene tili ndi zolemba zake zomveka bwino. Kumpoto kwa England, pa linga la Aroma la Vindolanda, kuyambira mu 1973 akhala akufukula timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki. Pa kena, cha m'ma 100 AD, Claudia Severa akuitanira mnzake Sulpicia Lepidina kuphwando la tsiku lake lobadwa, ndipo mizere yotsiriza anailemba ndi dzanja lake. Pa kena, msilikali akuuzidwa kuti amutumizira masokosi, nsapato ndi zovala zamkati. Munthu amene wawerenga zimenezi sanganenenso kuti anthu akalewo ndi achilendo kwa iye.

Za zaka musadzivutitse nazo kwambiri. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti zaka za BC zimawerengedwa chobwerera, moti 701 imabwera 539 isanafike. Sungani zochepa chabe zoti muzikolekapo zina zonse. Piramidi yaikulu ya ku Giza inamangidwa cha m'ma 2560 BC, Hammurabi wa ku Babylon ankalamulira cha m'ma 1750, Ramesses II anayamba mu 1279, Cyrus wa ku Persia analanda Babylon mu 539, Alexander Wamkulu wa ku Macedonia anamwalira mu 323, Cleopatra mfumukazi ya Egypt mu 30 BC. Jambulani mzere papepala, ikani zaka zimenezi motalikirana moyenera, ndipo muona ndi maso anu kuti Cleopatra ali pafupi ndi ife kuposa mmene alili ndi amene anamanga piramidi ija. Pepalalo likhale m'buku, pamodzi ndi mapu. Dzina la malo lililonse limene mwakumana nalo muzilifufuza pamapu, chifukwa nkhondo zambiri zakale sizimveka mpaka utaona pamene pali mtsinje, chipululu ndi nyanja.

Pa kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku, chitani ngati mlimi amene amadula ndime yoti aimalize dzuwa lisanatenthe. Mphindi 20 musanagone, kapena m'minibasi ngati maso anu amalola, zimaposa kudikira Loweruka loti mudzawerenge tsiku lonse, lomwe kawirikawiri limathera kumaliro kapena kuukwati. Khalani ndi kope. Mukamaliza, lembani mizere iwiri ya zimene mwapeza, pansi pake funso limene latsala. Mawa mudzayambira pa funsolo. Buku likakukanikani lisiyeni, mwina nthawi yake sinakwane. Ndipo mukadumphitsa sabata kapena mwezi musadzione ngati mwalephera, palibe mayeso amene akukudikirani.

Zowerenga sizisowa. Zolemba za Herodotus zomasuliridwa m'Chingerezi zimapezeka ulere pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg. Pa tsamba la pa intaneti la British Museum mutha kuona zithunzi za phale la Nanni, mutu wa Augustus ndi kamzati ka Sennacherib, ndi kufotokoza kwake. UNESCO inatulutsa mabuku a General History of Africa, ndipo lachiwiri, la mu 1981, limakamba za Egypt, Kush, Aksum ndi Carthage. Limapezeka ulere pa intaneti. Zina mwa zimene lili nazo zapitidwa ndi zofukulidwa zatsopano, komabe ndi poyambira pabwino. Koperani mabuku otere pafoni tsiku limene muli ndi bandulo, muziwerenga pambuyo pake. Pitaninso ku National Library Service komweko ku Lilongwe mukafunse zimene ali nazo.

Musaganize kuti zimenezi ndi za anthu a madigiri okha. George Smith anabadwira ku London mu 1840, anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kukaphunzira ntchito yozokota zodindira ndalama zamapepala. Nthawi ya chakudya chamasana ankathamangira ku British Museum kukayang'ana mapale osweka a ku Nineveh, mpaka anadziphunzitsa kuwawerenga ndipo anamulemba ntchito. Mu 1872 anapeza pa phale lina nkhani ya chigumula, ya munthu amene anapanga chombo n'kutumiza mbalame kukafufuza mtunda, yofanana kwambiri ndi ya Noah. Tsiku limene anaiwerenga pagulu, nduna yaikulu ya Britain, William Gladstone, inali pomwepo kumvetsera.

Tsopano za anzanu. Funso lawo lija ndi loyenera kuliyankha. Phindu limene ine ndimaliona n'lakuti munthu wozolowera kuika mawu a Sennacherib pambali pa mawu a adani ake amazolowera kufunsa kuti akunena izi ndani, anaziona yekha kapena anangomva, ndipo apindula chiyani tikamukhulupirira. Luso limenelo limagwira ntchito pa nthawi ya kampeni, pa mlandu wa ufumu kapena wa munda, komanso pa mauthenga oyendayenda pa WhatsApp. Koma musayambe ndi kuwalalikira za phindu. Palibe amene anakonda mpira chifukwa chouzidwa kuti umalimbitsa thupi. Musawapatsenso buku, adzangolisunga. Apatseni nkhani imodzi yaifupi, ndipo muisiye pamalo poti iwo aweruze. Kwa mnzanu wamalonda, mufotokozereni za Nanni n'kumufunsa kuti akanakhala iye akanatani, komanso n'chifukwa chiyani Ea-nasir ankasunga makalata omunyoza. Kwa anzanu a kuofesi, yambani ndi kaundula wa ojomba uja. Kwa a kutchalitchi, nkhani ya 701 BC ndi yokwanira madzulo onse, bola muikambe mwaulemu, cholinga chikhale kumva mboni zonse osati kugwedeza chikhulupiriro cha munthu.

Pali nkhani ina imene ife okhala kum'mwera kwa Africa tingaiweruze bwino kuposa amene anailemba. Herodotus akuti Necho II, mfumu ya Egypt imene inalamulira kuyambira 610 mpaka 595 BC, anatuma amalinyero a ku Phoenicia kuti azungulire Africa. Ananyamukira pa Nyanja Yofiira, ankaima kumtunda n'kubzala mbewu, kukolola, n'kupitiriza ulendo, ndipo m'chaka chachitatu analowa pa Gibraltar n'kubwerera ku Egypt. Atafika anati pozungulira paja dzuwa linali kudzanja lawo lamanja. Herodotus analemba zimenezo, n'kuwonjezera kuti iye sakuzikhulupirira, mwina wina angakhulupirire. Kwawo ku Greece dzuwa lamasana limakhala kum'mwera chaka chonse, ndiye woyang'ana kumadzulo amakhala nalo kumanzere. Tsono inu tengani ana anu kapena anzanu mu Juni, mutuluke nawo panja masana enieni, muyang'ane kumadzulo. Dzuwa lidzakhala kumanja, kumpoto, mthunzi wanu n'kugwera kum'mwera. Chimene Herodotus anachikana ndicho chimene chimachititsa ambiri kukhulupirira kuti ulendowo unachitikadi. Ena amatsutsa, amati anthu a ku Egypt ankadziwa kale kuti kum'mwera kwa Aswan dzuwa limatha kupendekera kumpoto, ndiye wina akanatha kungopeka. Mtsutso umenewu sunathe, ndipo gulu lanu litha kugawanika pawiri. Sindinaonepo njira ina yophweka chotere yosonyezera mwana kuti mawu olembedwa zaka 2,400 zapitazo angayesedwe pabwalo la nyumba.

Chenjerani ndi mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok onena kuti mapiramidi anamangidwa ndi zolengedwa zochokera kumlengalenga. Anzanu adzabwera nawo ndithu. Musawanyoze, auzeni kuti pafupi ndi mapiramidi a ku Giza anafukula midzi ya antchito, mophikira buledi ndi manda awo, ndipo ku Wadi al-Jarf mu 2013 kunapezeka kaundula wa kapitawo wina dzina lake Merer, wolemba maulendo a ngalawa zonyamula miyala kuchokera ku Tura kupita ku Giza m'nthawi ya mfumu Khufu. Maganizo oti anthu a mu Africa sakanatha kumanga zinthu zazikulu si atsopano. Karl Mauch atafika pa Great Zimbabwe mu 1871 anati ndi ntchito ya alendo a m'nthawi ya mfumukazi ya ku Sheba, ndipo zinatengera kufukula kwa David Randall-MacIver mu 1905 ndi kwa Gertrude Caton-Thompson mu 1929 kuti zitsimikizike kuti anamanga ndi eni dziko. Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa bodzalo linagwiritsidwa ntchito polanda anthu ulemu wawo pamodzi ndi nthaka yawo.

Mukapeza anthu awiri kapena atatu achidwi, ndi okwanira. Musadikire khamu, ndipo ena sadzakopeka ngakhale mutawakambira bwino chotani, asiyeni. Kumanani kamodzi pamwezi, aliyense abwere ndi nkhani imodzi yoti aikambe m'Chichewa kwa mphindi khumi osayang'ana papepala. Kukamba m'chinenero chathu zimene wawerenga m'Chingerezi kumaonetsa msanga pamene sunamvetse. Ndipo poti muli ku Lilongwe, konzani ulendo wa ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiirazo akatswiri amati ndi za Abatwa, alenje amene timawatcha Akafula, zoyerazo ndi za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Pitani ndi wokulondolerani wa komweko, musagwire zojambulazo ndi manja kapena kulembapo. Muzifunsa mafunso omwe aja: anajambula ndani, ankafuna aone ndani, nanga tadziwa bwanji. Pa msonkhano wina aliyense akafunsa funso lokukanikani nonse, lilembeni m'kope, ndipo amene wafunsayo ndiye adzabwere ndi zimene wapeza mwezi wotsatira.